Injini ya 125 yomwe inadya fumbi: lipoti la kuimanganso ndi makilomita 1,000 oyamba

Njinga ndi madandaulo ake

Njinga yamoto yomwe ndikulemba pano ndi ya ku China, ya 125cc, ndipo nambala ya pa injini imayamba ndi 156FMI. Aliyense wogwira njinga amadziwa kuti injini imeneyi anaikopera ku Honda CG125 yomwe inatuluka mu 1975: silinda imodzi, yozizira ndi mphepo, mavavu awiri okankhidwa ndi timitengo tachitsulo totchedwa mapushirodi, m'mimba mwa silinda mamilimita 56.5, ndipo pisitoni imakwera ndi kutsika mamilimita 49.5. Njinga zambiri zoperekera katundu muno mu Harare zili ndi injini ya mtunduwu, chimodzimodzinso za kabaza zambiri kwathu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. A Honda anaipanga dala kuti izipirira m'manja mwa anthu osasintha oyilo pa nthawi yake, ndipo imapiriradi. Chomwe siipirira ndi fumbi.

Eni ake ndi mayi ena a ku Mufakose. Woyendetsa ndi mwana wa achimwene awo, mnyamata yemwe amanyamulira chakudya ndi timaphukusi kuchokera m'tauni kupita m'malokeshoni: Kuwadzana, Dzivarasekwa, Budiriro, nthawi zina mpaka ku Hopley ndi Epworth komwe phula linatha kalekale kapena silinafikeko n'komwe. Njingayo inafika pa shedi yanga ku Highfield kumapeto kwa Seputembala, mita ikusonyeza makilomita 38,000 ndi kanthu.

Madandaulo anali atatu koma muzu unali umodzi. Inkatulutsa utsi wabuluu, makamaka akaikoka moto pambuyo poima pa maloboti. Inkamwa oyilo kwambiri moti mnyamatayo ankayenda ndi kabotolo m'bokosi la katundu n'kumathira pafupifupi tsiku lililonse. Ndipo mphamvu inali itatha: pa chitunda cha pafupi ndi Heroes Acre pa Bulawayo Road ankachita kutsika magiya awiri, makombi (maminibasi) akumuimbira mahutala kumbuyo.

Mayiwo anabwera atagamula kale. "Achimwene, ingoikani maringi atsopano basi. Njingayi ndi imene ikulipira renti."

Ndinawauza kuti maringi ndi otchipa zedi, koma kuti ndiyambe ndaona chomwe chinadya akalewo.

Kuyeza ndisanagwire sipanala

Injini ili yotentha ndinachotsa pulagi. Inali yakuda, yonyowa ndi oyilo. Ndinalowetsa geji ya kompuleshoni, kutsegula moto wonse, n'kukika mpaka singano itasiya kukwera: 95 psi. Kenako ndinathira oyilo wokwana kasupuni kakang'ono pabowo la pulagi n'kuyezanso: 135. Kulumpha kotereku kumaloza ku maringi ndi silinda, chifukwa oyilo amatseka mipata ya m'mbali mwa pisitoni kwa kanthawi. Kukanakhala kuti mpweya ukuthawira ku mavavu kapena pa gasiketi ya hedi (mutu wa injini wokhala pamwamba pa silinda), singano sikanasuntha kwenikweni.

Pali kanthu kamodzi komwe anzanga ambiri amaiwala powerenga geji muno. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wathu ndi wopepuka ndi gawo ngati limodzi mwa magawo 6. Nambala za m'mabuku a injini anaziyezera kumunsi. Choncho injini yabwinobwino imawerenga motsikirako kuno, ndipo ndaonapo anthu akumasula injini yopanda mlandu chifukwa chothamangitsa nambala ya m'buku. Koma 95 ndi yotsika kulikonse.

Ndisanamasule injini ndinatsegula bokosi la sefa ya mpweya, ndipo mlandu wonse unathera pomwepo. Siponji inali youma gwa, yopanda dontho la oyilo, itang'ambika pa msoko. Paipi ya labala yochokera ku bokosilo kupita ku kabureta inali ndi mng'alu kunsi, kosaoneka pokhapokha utaipinda. Nditapisa chala mkati mwake chinatuluka chofiira ndi dothi lokhakhala. Fumbi likapezeka kuseri kwa sefa ndiye kuti injini yakhala ikulipuma, ndipo m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala mphepo ya muno imalinyamula losati masewera.

Mnyamatayo anati sefayo amaitsuka ndithu, ndi petulo, n'kuibwezera ili youma "kuti njinga izipuma bwino". Petulo amafooletsa siponji ndi guluu wa pa msoko, ndipo siponji yopanda oyilo imangogwira udzu ndi tizilombo. Fumbi lenilenilo limadutsa.

Zomwe ndinapeza mkati

Hedi itachoka, pamwamba pa pisitoni panali mwaye wokhuthala wonyowa, koma m'mbali mwake mozungulira munali moyera, motsukidwa ndi oyilo wokwera kuchokera pansi. M'silinda munali mowala, mizere yopingasana ya ku fakitale itafafanizika yonse, ndipo chakumwamba, pomwe ringi yoyamba imathera ulendo wake, panali kamzere kokola chikhadabo. Mbali ya kutsogolo kunali mikwingwirima iwiri yotsika, yakuya.

Ndinayeza silinda m'malo atatu, kumwamba, pakati ndi kunsi, mopingasa ndi motsata pini. Kunsi inali mamilimita 56.53, kumwamba 56.63. Yatsopano imakhala 56.50, ndipo ikadutsa 56.60 yatha ntchito. Ringi yapamwamba nditaiika m'silinda n'kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, mpata wa pakamwa pake unali mamilimita 0.9, pomwe woyenera ndi 0.15 mpaka 0.35. Apa ndinawaitana mayiwo kuti adzione okha, chifukwa nambala zimenezi ndi zomwe zimayankha funso la maringi okha. Ringi yatsopano ndi yozungulira bwinobwino. M'silinda yomwe yakula kumwamba n'kukhala yopapatiza kunsi, ringiyo imachita kutseguka ndi kutsekeka pa ulendo uliwonse wa pisitoni, ndipo pa khoma losalala chonchija siipeza pogwira. Utsi umabwerera mwezi usanathe, ndalama ya magasiketi ndi ya ntchito itapita.

Vavu yolowetsa mpweya inali itadyeka pa mlomo, m'mphepete mwakuthwa, chizindikiro chinanso cha fumbi. Yotulutsa utsi inali ndi timabowo ting'onoting'ono koma yosapsa. Nditathira palafini m'makomo a hedi, molowera mpweya ndi motulukira utsi, kolowera kunayamba kuchucha nthawi yomweyo.

Kunsi kunali bwino kuposa mmene ndinkaopera. Konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku crankshaft, sinkagwedera m'mwamba ndi pansi ngakhale pang'ono, mabeyaringi a crankshaft ankazungulira mwakachetechete, kamu (yomwe imakankha mapushirodi) ndi tizitsulo tiwiri toitsatira zinali ndi zipsera zowala chabe zosakola chala. Choncho sindinang'ambe makesi a injini. Ndinatsegula kavala ya kumanja kokha kuti ndifike pa sefa ya oyilo. Injini iyi ilibe sefa ya pepala. Ili ndi kasefa ka waya pa chitsekero chokhetsera oyilo, ndiponso kakapu kozungulira ndi crankshaft komwe kamaponyera zinyalala m'mbali mwake. Kakapuko kanali kodzaza ndi matope otuwa olimba ochita kugoba ndi sikuludiraiva, ndipo sindikukhulupirira kuti kanatsegulidwapo chituluke njingayo m'sitolo. Kakadzaza chonchi, zinyalala zimangodutsa kupita ku beyaringi ya konirodi. Njingayi inafika pa nthawi yake, pang'ono pokha crankshaft ikanalowa nawo pa mtengo.

Mu kabureta, ya PZ26, silaidi, kachitsulo kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya, inali yokalika ndi mchenga, ndipo wina anali atakweza kakilipu ka singano yolamulira petulo kufika pa mzere wapamwamba kuti singanoyo itsike, njinga izimwa petulo wochepa. Ndibwererako kutsogoloku.

Kiti yatsopano kapena rebore

Njira zinalipo ziwiri. M'masitolo a zipangizo m'tauni, chakumbali ya Kaguvi Street, mumapezeka kiti yathunthu: silinda, pisitoni, maringi, pini ndi magasiketi m'katoni imodzi, kawirikawiri pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa njira inayo, rebore, komwe ndi kuboola silinda yakale kuti ikule pang'ono n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Sindinyoza makiti. Ena ndi abwino ndithu, ndipo njinga imatha kutuluka tsiku lomwelo. Koma katoni siikuuza zoona. Ndakumanapo ndi ina yomwe pisitoni imachita kugubuduka m'silinda yake yomwe, ndi ina yothina moti ikanagwira injini ikangotentha. Wogula kiti apite ndi micrometer yoyezera zitsulo, kapena agwirizane ndi wogulitsa kuti akabweza ikapezeka yopotoka.

Pa njinga iyi ndinasankha rebore, chifukwa chitsulo cha silinda yoyambayo chinali chabwino ndiponso chokhuthala mokwanira. Mapisitoni okulirapo amabwera okula ndi mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Mwa nambala zokha 0.25 ikanakwana, koma mikwingwirima iwiri ija inali yakuya, ndiye ndinatenga ya 0.50, kutanthauza silinda ya mamilimita 57.

Dongosolo lake ndi ili, ndipo ambiri amalitembenuza: yambani mwagula pisitoni, kenako mupite nayo limodzi ndi silinda kwa amakina. Iwo ayeze pisitoni yeniyeniyo n'kuboola silinda molingana nayo. Mapisitoni awiri olembedwa 0.50 sakhala ofanana ndendende, ndipo mpata womwe tikufuna ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ine ndinapempha mamilimita 0.03 mpaka 0.04, poganizira kuti injiniyi ndi yozizira ndi mphepo ndipo ikukagwira ntchito mu Okutobala. Ndinaitengera kwa amakina a ku Graniteside, nditachotsamo kale tizitsulo totsatira kamu ndi kashafiti kake, pakuti pa injini iyi timakhala m'munsi mwa silinda momwemo.

Mayiwo anadandaula za masiku omwe njinga ikhale osagwira ntchito. Kudandaulako kunali koona, ndipo ndi chifukwa chake anthu ambiri amathamangira kiti.

Kumanga

Silinda ikachoka kwa amakina imaoneka yoyera koma siyoyera. Miyala yomwe amapalira mkati imasiya timchenga tolimba tobisala m'mizere, ndipo petulo kapena palafini sazichotsa, amangozisuntha. Ndimatsuka ndi madzi otentha, sopo wa ufa ndi bulashi, kubwereza mpaka kansalu koyera kodontheza oyilo katatuluka kopanda kuda, kenako kuumitsa msanga n'kupaka oyilo dzimbiri lisanayambe. Amene amadumpha sitepe imeneyi amabwezera yekha m'injini mchenga womwe amati akuchotsa.

Ringi iliyonse ndinaiyeza m'silinda yatsopanoyo. Yapamwamba inali 0.20, yachiwiri 0.25, zonse mkati mwa malire, ndiye sindinagwire fayilo. Ringi yothina pakamwa ndi yoopsa kuposa yotseguka: ikatentha imakula, nsonga zimagundana, ndipo imathyoka kapena kukala khoma. Zilembo za pa maringi zinayang'ana kumwamba, pakamwa pake ndinapamwaza mozungulira kuti pasakhale pamzere umodzi, ndipo chilembo cha IN cha pa pisitoni chinaloza ku kabureta. Timawaya totsekera pini ndinaika tatsopano, nditatseka kaye kamwa la injini ndi nsalu. Kamodzi kakagwera mkati, tsiku lonse lapita.

Vavu yolowetsa mpweya ndinaisintha. Zonse ziwiri ndinazinola pa mipando yake ndi phala lonolera (grinding paste) mpaka panaoneka kamzere kotuwa kozungulira kosadukiza, ndipo palafini anakhala m'makomo osachucha. Masili a mavavu anali atsopano.

Silikoni sindinagwiritse. Pa injini iyi oyilo amakwera kupita ku hedi kudzera m'kanjira kopapatiza kotsata imodzi mwa mabawuti aatali omanga silinda ndi hedi, ndipo kachidutswa kamodzi ka silikoni kofinyikira mkati kamatseka njirayo. Magasiketi abwino pa nkhope zoyera amakwana. Manati a hedi ndinamanga mopingasa, pang'onopang'ono, ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati. Matapeti, kutanthauza mpata wa pakati pa vavu ndi kachitsulo koikankha, ndinaseta injini ili yozizira, chizindikiro cha T cha pa magineto chili pamalo pake pisitoni ili pamwamba pa kompuleshoni: mamilimita 0.08 onse awiri.

Kenako zomwe zinapha injini yoyamba: paipi ya labala yatsopano, zomangira zake zatsopano, siponji yatsopano yonyikidwa mu oyilo n'kufinyidwa mpaka kusiya kudontha, ndi girisi pang'ono m'mphepete mwa chivundikiro cha bokosi. Pa mndandanda wonse wa zogula, izi ndi zomwe zinali zotchipa kwambiri.

Kakilipu ka singano ya kabureta ndinakabwezera pa mzere wapakati. Anyamata amakonda kutsitsa singano ponena kuti kuno n'kumtunda, mpweya ndi wochepa, ndiye petulo achepenso. Theka la mfundoyo ndi loona. Theka linalo ndi lakuti petulo wa muno ndi wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje ndi Triangle, nthawi zambiri mpaka 20 peresenti, ndipo ethanol amafuna kuti alowe wochulukirapo kuti ayake moyenera ndi mpweya womwewo. Ziwirizi zimakokerana mbali zosiyana n'kutsala pang'ono kufafanizana, moti kabureta ya ku fakitale siikhala patali ndi pomwe iyenera kukhala. Ukaimana petulo, injini imatentha, ndipo pisitoni yatsopano yothina siikhululuka kutentha.

Oyilo ndinathira wamba wa 20W-50 wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA, pafupifupi lita imodzi. Pa njinga izi kilachi imasamba mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa magalimoto ali ndi mankhwala oterera omwe amaichititsa kutsetsereka. Wa synthetic sindithira pa injini yongoboola kumene. Wa m'mabotolo a zakumwa wa m'mbali mwa msewu sindimulola ngakhale pa yakale.

Kuliza koyamba

Pulagi ili kunja ndi kavala ya mavavu ili yotsegula, ndinakika mpaka oyilo ataoneka akutuluka pamwamba. Ndipo pokhapo ndinatseka n'kuiliza. Inagwira pa kiki yachiwiri, inafuka pang'ono oyilo wa pomanga uja, utsi n'kutha. Ndinaisiya mphindi zochepa ndikusinthasintha moto pang'ono, ndikuyang'ana kuchucha ndi kumvetsera, kenako ndinaizimitsa kuti izizire.

Mnyamatayo anadabwa. "Madala, simuisiya ilire mpaka madzulo? Kwina amaisiya tsiku lonse ndi fani pambali."

Mwambo umenewu ndi wofala m'malo a amakaniko muno, kuyambira ku Magaba mpaka ku Gazaland, ndipo ndi umene umawononga ntchito zambiri zabwino. Ndifotokoze chifukwa chake, poti nkhani yonse yagona apa.

Pa injini ya mtunduwu crankshaft ndi konirodi zimayenda pa mabeyaringi a mipira ndi marola, omwe safuna kuzolowetsa kwenikweni. Chomwe chikufunika kuzolowerana ndi maringi ndi khoma la silinda. Mizere yopingasana yomwe amakina amasiya imagwira ntchito ngati mwala wonolera mpeni: ringi ikakanikizidwa pamenepo imadyeka pang'ono mpaka kugona bwino mozungulira monse. Koma kukhakhala kwa mizereyo ndi kwa nthawi yochepa, ndipo mpeni wongosisitidwa osakanikiza sunoleka. Chokanikiza ringi pa khoma si kulimba kwake kokha. Mpweya woyaka umalowa kuseri kwa ringi n'kuikankhira kunja, ndipo mphamvu ya mpweyawo imakula injini ikamakoka katundu. Ikamangolira poima, kukankhako kumakhala kochepa, mphepo yoziziritsa palibe, oyilo amapsera m'mizere n'kupanga kansalu kowala kofiirira. Zikafika apo maringi sagonanso. Injini imamwa oyilo moyo wake wonse, mwini njinga n'kumati makaniko anaika zida zabodza.

Mbali inayo kuli anzathu onena kuti ingoikoka moto wonse kuyambira mphindi yoyamba. Pa njinga za mpikisano zozizira ndi madzi mwina zimawayendera. Pa kainjini kozizira ndi mphepo, pisitoni ya aluminiyamu imakula msanga kuposa silinda yachitsulo, ndipo malo okhakhala akamakhulana amaonjezera kutentha. Ukaikoka moto wonse kwa nthawi yaitali pa tsiku loyamba, imagwira.

Ulendo woyamba ndinayenda ndekha, m'mawa kusanatenthe, m'misewu ya m'mafakitale chaku Willowvale komwe Lamlungu kumakhala pululu. Ndinkakoka moto ngati theka kapena kupitirira pang'ono mu giya yachiwiri ndi yachitatu kwa masekondi ochepa, kenako kutseka moto n'kusiya injini yokha ichepetse liwiro, n'kubwerezanso. Kutsekako n'kofunika mofanana ndi kukokako, chifukwa moto ukatsekedwa injini imayamwa oyilo kukwera m'khoma, amene amaziziritsa maringi ndi kutsuka tizidutswa ta chitsulo. Patapita makilomita ngati 20 ndinaima kuti izizire yonse, ndinayendanso, ndipo isanakwane makilomita 60 ndinakhetsa oyilo woyamba. Padzuwa ankanyezimira tifumbi ta chitsulo, monga ziyenera kukhalira. Tizidutswa togwirika ndi zala munalibe.

Dongosolo loti lilowe m'tsiku la munthu wa ntchito

Mabuku ena a opanga njinga amanena chonchi: makilomita 500 oyamba osakoka moto wonse, osanyamuka mwaukali, ndipo sevisi yoyamba pa 1,000. Kulemba n'kosavuta. Koma njinga iyi imadyetsa nyumba ziwiri, ndipo ndikanati ikhale sabata zitatu ikungoyenda maulendo osangalala, akanavomera pamaso panga n'kukachita zina kuseri. Ndiye tinakhala pansi atatu n'kukonza zoti zitheke.

Tinagwirizana kuti ayambe ntchito mawa lake lomwe, koma timaphukusi topepuka tokha, wokwera kumbuyo ayi, matumba a ufa ayi. Ntchito yoperekera katundu payokha ndi yabwino pa injini yatsopano, chifukwa ndi ya imani nyamukani, magiya kusinthasintha. Zoipa zake ndi zitatu. Choyamba ndi mzere wa magalimoto wa m'tauni madzulo, chaku Copacabana ndi Market Square, pomwe njinga imaima ikulira pakati pa makombi popanda kamphepo. Ndinamuuza kuti akaona kuti aima kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri azimitse, chimodzimodzi podikira kasitomala pageti. Chachiwiri ndi misewu yaitali yowongoka, Seke Road yopita ku Chitungwiza kapena Simon Mazorodze, komwe dzanja limakhazikika pamalo amodzi kwa nthawi yaitali. Kumeneko asapiteko mpaka 500 itakwana, ndipo akakakamizika azisinthasintha liwiro. Chachitatu, chomwe ndinatsindika kwambiri, ndi chizolowezi chothamangira giya yomaliza pa liwiro lochepa pofuna kusunga petulo. Injini ikamagunda movutikira chonchija, pisitoni imamenyeka pa khoma pomwe pampu ya oyilo ikuzungulira pang'onopang'ono. Bola ilire momasuka mu giya yotsika.

"Mphwanga, ukamva ikuchita gu gu gu, tsika giya. Petulo wa masabata awiriwa azakhali ako avomera."

Mayiwo anaseka n'kunena kuti sanavomere, koma amva.

Pa makilomita 350

Ndinali nditawauza kuti abwere pa 500. Anabwera pa 350, m'mawa, akukankha. Njinga inkavuta kudzuka ikazizira, ndipo ikalira inkatulutsanso kautsi. Mayiwo anafika nkhope ili gwa.

Zinali zinthu ziwiri zosakhudzana. Mpata wa tapeti ya ekizozi (ya vavu yotulutsa utsi) unali utatsika kufika pa 0.03, wa inayo pa 0.05. Izi zimayembekezeka pa injini ya mapushirodi: magasiketi atsopano a pansi pa silinda ndi a hedi akatentha ndi kuzizira kangapo amaphwa pang'ono, hedi imatsika, pushirodi imakhala ngati yatalika, ndipo mavavu ongonoledwa kumene amalowanso pang'ono m'mipando yawo. Mpata ukatha vavu siitseka bwino, kompuleshoni imathawa, ndipo ukapitiriza kuyenda vavu ya ekizozi imapsa chifukwa imazizira makamaka ikakhala pampando. N'chifukwa chake tapeti yogogoda pang'ono siindidetsa nkhawa ngati yachete. Ndinamanganso manati a hedi injini ili yozizira, kenako ndinasetanso 0.08. Dongosolo lake ndi lomwelo, manati kaye, matapeti pambuyo.

Utsiwo unali ndi fungo lomwe ndinalizindikira ndisanafunse. Anzake a pa renki anamulangiza kuti azithira oyilo wa two-stroke, wa mainjini aja owotcha oyilo pamodzi ndi petulo, mu thanki "kuti pisitoni yatsopano isagwire". Anachita ndi mtima wabwino. Koma injini iyi ili ndi oyilo wake kale, ndipo woonjezerayo amadetsa pulagi, amaunjika mwaye, ndipo amatereretsa khoma pa nthawi yomwe tikufuna kuti maringi adyeke pang'ono. Tinakhetsa thanki, kutsuka pulagi, kuthira petulo watsopano. Utsi unatha asanafike pa ngodya. Anafunsanso za mankhwala okhuthala aja othira mu oyilo, ndipo yankho linali lomwelo.

Nditasuzumira pabowo la pulagi ndi tochi, mizere ya m'silinda inkaoneka bwino, popanda kuwala kofiirira. Masiku a two-stroke anali ochepa moti sanawononge kanthu. Poti njinga inali kale pa shedi, oyilo wachiwiri ndinakhetseratu tsiku lomwelo.

Kuyambira pa 500 ndinamulola kukoka mpaka magawo atatu mwa anayi, ndi moto wonse kwa masekondi ochepa podutsa galimoto kapena pa chitunda, katundu akuonjezera pang'onopang'ono. Kuchita mantha mpaka kalekale nakonso si bwino: ringi yomwe sinalawepo moto wonse siimaliza kugona.

Pa makilomita 1,000

Kompuleshoni inali 150 psi injini ili yotentha, pa geji yomwe ija. Oyilo pa kamtengo koyezera sanatsike mooneka kuchokera pa 350. Pulagi inali youma, yofiirira. Matapeti anasuntha pang'ono kwambiri, ndinangokhudza ya ekizozi. Oyilo wokhetsedwa anali wakuda mwa nthawi zonse, wosanyezimira. Ndinatsegulanso kavala ya kumanja kuti nditsuke kakapu kozungulira kaja, ndipo munali kansalu kopyapyala kotuwa, komwe ndi maringi ndi silinda zomwe zinadyeka pozolowerana. Chala chopisa m'paipi ya kuseri kwa sefa chinatuluka choyera. Chitunda cha pa Bulawayo Road akuti tsopano akukwera osatsika giya ali ndi katundu.

Zomwe ndinawalembera pa kakhadi n'kumata mkati mwa bokosi la katundu ndi izi. Oyilo asinthidwe pa makilomita 1,500 aliwonse, poti njingayi imagwira ntchito m'fumbi ndi m'mizere ya magalimoto, ndipo lita imodzi yokhayo ndi yomwe imasamalira injini, magiya ndi kilachi. Siponji itsukidwe sabata iliyonse m'chilimwe, ndi madzi a sopo kapena palafini, iume, inyikidwe mu oyilo, ifinyidwe. Mnyamatayo ndinamuuza agule siponji yachiwiri kuti ina ikamauma ina ikhale pa njinga, chifukwa chomwe chimachititsa anthu kubwezera youma ndi changu cha m'mawa. Paipi ya labala aziipinda n'kuyang'ana kunsi kwake nthawi iliyonse akatsegula bokosi.

Zotsala zilipo. Silaidi yokalika ya kabureta ndinaisiya chifukwa ndalama zinathera pa injini, ndipo imachititsa kuti njinga ikaima izilira mosakhazikika pang'ono. Ifunika kabureta ina mvula isanathe. Tcheni ndi masipuloketi zatsala pang'ono kutha. Silinda ili ndi mwayi wa rebore ziwiri zina, pa 0.75 ndi 1.00. Tinapangana kuti pa makilomita 5,000 abwere ndidzayezenso kompuleshoni ndi kuona tizitsulo totsatira kamu, poti nato tinamwa nawo oyilo wamchenga uja kwa nthawi yaitali.